Fungo la Ng'ombe Mazana Anayi

Mu ufumu wa Zonsezilibwino, kumene mvula ikakana kugwa amalengeza kuti mfumu yapereka tchuthi kwa makasu, munali munthu wina amene ankadyera mphuno yake. Dzina lake anali Lufeyo Kamtedza, Mnunkhizi wa Mfumu. Udindowu anaulandira kwa malume ake, amenenso anaulandira kwa malume awo, ndipo ntchito yake inali kununkhiza ndiwo za mfumu zisanafike patebulo.

Lufeyo anali ndi zinsinsi ziwiri zimene zinkamusowetsa mtendere.

Choyamba chinali chakuti mphunoyo inali itafa. Zaka ziwiri m'mbuyomo chimfine chinamugwira, ndipo pochoka chinanyamula fungo lonse la dziko lapansi. Kuyambira pamenepo nyama yowola ndi duwa zinali chimodzimodzi kwa iye. Ntchito ankaigwira ndi maso. Ankaweramira mbale, n'kukoka mpweya mwaulemu, diso limodzi lili pa ntchentche, lina pankhope ya wophika. Ntchentche zikachuluka, wophika n'kuyamba kuyang'ana kudenga, Lufeyo ankalamula kuti ndiwozo zibwerere. Sanalakwitsepo. Anthu ankati m'banja lonse la a Kamtedza simunabadwe mphuno yakuthwa chotere.

Chachiwiri chinali Esinala Nangondo wa m'mudzi wa Tazolowera. Esinala anali ndi ng'ombe imodzi yamkaka, dzina lake Dona, ndipo ankagulitsa mkaka ndi chambiko pamsika wa Mwamvakale. Mkaka unkamutsegula m'mimba Lufeyo, komabe Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ankagula kapu imodzi, kumwa pang'onopang'ono ataima pomwepo, kenako n'kubwerera kwawo mofulumira kwambiri. Mawu amene ankafuna kunena ankawakonza njira yonse popita. Akafika, n'kuona mpata wa pakati pa mano a Esinala, mawu onse ankathawa.

"Kwazizira lero," ankatero.

"Kwazizira, a Mphuno," ankayankha Esinala, akutsuka kapu.

Chaka chimenecho kunabwera alendo ochokera kutsidya kwa nyanja, atanyamula zithunzi za dziko lapansi likutuluka thukuta. Anauza Mfumu Ndanenandanena Yachitatu kuti thambo likutentha, ndipo ena mwa olakwa ndi ng'ombe, zimene zimageya ndi kuphwisa tsiku lonse popanda wozifunsa. Anawonjezera kuti mafumu oteteza mpweya amaitanidwa kumisonkhano yakunja, kumene amavekedwa mendulo. Mawu omalizawa mfumu inawamva bwino kuposa ena onse.

Sabata isanathe ng'oma inalira. Lamulo linati ng'ombe iliyonse yoipitsa mpweya wa ufumu ilandidwe, iperekedwe ku khola losamalidwa bwino. Panakhazikitsidwa Unduna wa Mpweya ndi Zina Zouluka, ndipo nduna yake anali Olemekezeka a Katsabola. Makina oyezera mpweya amene alendo analonjeza anali asanafike, choncho mfumu inalamula kuti muyeso wa dziko lonse ukhale mphuno ya Lufeyo.

Pamsika wa Mwamvakale nkhaniyi inafika tomato asanayalidwe.

"Ndiye ng'ombe izigeyera kuti? M'thumba?" anafunsa wosoka nsapato.

"Iziyamba yapempha chilolezo kuboma," anatero mayi wa tomato. "Podikira yankho izigwira mpweya."

"Bola sanatchule amuna athu," anatero mnzake.

Mkulu wogulitsa nyemba sanaseke nawo. Anangovundikira dengu lake ndi chiguduli, nati, "Akamaliza ndi ng'ombe abwera kwa ine."

Bungwe la Eni Makola Akuluakulu linachita msonkhano wa masiku atatu m'hotela, mazenera atatseka. Wapampando wake anali Bwana Gwirize, mwini ng'ombe mazana anayi pa Chitunda cha Musandifunse. Gwirize ankakhala m'tauni, ndipo bere la ng'ombe anali asanaligwirepo. Ku famu ankapitako kawiri pachaka, osatsika m'galimoto. Tsiku lachinayi anafika kubwalo la mfumu atavala suti yoyera ngati mkaka wake, antchito ali pambuyo ndi zigubu zisanu za kirimu.

"Mfumu yanga, dzuwa lathu," anayamba, "ife eni makola lamuloli talilandira ndi manja awiri. Tinalira ndi chimwemwe titalimva. Ng'ombe zathu n'zophunzira, siziphwisa ayi, zimangousa moyo. Koma tili ndi kankhawa kakang'ono. Ng'ombe ili ndi nambala kukhutu. Nanga fungo lili ndi khutu? Munthu wosalakwa angathe kunamiziridwa fungo la mnzake. Ndiye tikupempha kamzere kamodzi kokha kowonjezera: fungo likhale la mwini malo pamene lapezeka."

A Katsabola anayang'ana zigubu zija, nati mfundoyo inali yanzeru. Mfumu inalawa kirimu, niti, "Ndanena." Mlembi analemba.

Umenewu unali mwezi wa Juni. Mphepo ya mwera inkaomba usana wonse kuchokera kummwera, kukwera Chitunda cha Musandifunse, kunyamula zonse zimene ng'ombe mazana anayi zinkausa, n'kukazitula kumpoto kwa chitundacho. Kumpoto kwa chitunda kunali mudzi wa Tazolowera. Nyumba yoyamba polowa m'mudzimo inali ya Esinala, ndipo ng'ombe m'mudzi wonsewo inalimo imodzi.

Lufeyo anapita yekha kukapereka kalata ya mlandu wa Dona. Anapeza Esinala akuduladula nsenjere pafupi ndi khola. Kholalo linali losesedwa bwino, ndowe zitaunjikidwa padera n'kuvundikiridwa ndi udzu, koma ntchentche zinali ponseponse, zonenepa, zoonekeratu kuti si za pakhomopo.

Esinala anawerenga kalatayo kawiri.

"Dona yekhayu, a Mphuno? Anunkhe ngati ng'ombe mazana anayi? Kodi ndimamudyetsa chiyani ine?"

"Ndi lamulo, a Nangondo."

"Lamulo! Gwirizeyo wanditumizira anthu katatu kuti ndimugulitse Dona, chifukwa amatulutsa mkaka kuposa zake zonse. Katatu ndakana. Tsopano akufuna amutenge ndi mphepo." Anaponya nsenjere modyera, nalozera ng'ombeyo ndi chikwanje. "Ndinamulera ndi botolo ameneyu, mayi ake atafa pobereka. Munthu wina akagwira bere lake, amabisa mkaka. Kumeneko akangomumenya."

Lufeyo anayang'ana ng'ombe. Dona anali ataima mbuyo yake italoza kuchitunda cha Gwirize.

"Nayenso wakwiya," anatero, poyesa nthabwala.

"Wakwiya inde, koma si chifukwa chake. Ng'ombe imapereka mbuyo kumphepo. Mukafuna kudziwa kumene mphepo ikuchokera, yang'anani mchira. Aima choncho mpaka mwera utatha."

"Ukatha?"

"Ukatha kumabwera mpoto, cha mu Okotobala. Amatembenuka, ifenso timapumako. Fungo lonse limapita uko." Anakupiza dzanja cha kummwera, osaganizira n'komwe.

Lufeyo anayang'ana kumene dzanjalo linaloza. Kuseri kwa chitunda, patali pang'ono, denga la nyumba yachifumu linkanyezimira padzuwa. Gwirize anali atalemba kamzere kake m'hotela yotseka mazenera, m'mwezi wa Juni. Sankadziwa kuti mphepo imatembenuka.

Pobwerera Lufeyo anali ndi zinsinsi zitatu. Chotsala chinali kuchedwetsa mlanduwo miyezi inayi.

Mwezi wa Julayi anauza nduna kuti mphuno ya boma siinganunkhize popanda fomu yolembapo zimene yamva. A Katsabola anakondwa, nakhazikitsa komiti yosankha mtundu wa pepala. Komitiyo inagawanika pakati pa obiriwira ndi achikasu, ndipo mwezi unatha.

Mwezi wa Ogasiti ananena kuti mphuno imene yazolowera ndiwo iyenera kupumitsidwa kaye isanayambe ndowe, monga ankachitira makolo. Palibe amene ankakumbukira mwambo umenewu, choncho palibe anautsutsa. Anayenda masabata atatu mphuno itakulungidwa m'kansalu kofiira, anthu akumupatukira m'njira.

Kenako anati kuti adziwe fungo loipa ayenera kuyamba wadziwa labwino, ndipo khola labwino koposa ndi la Bwana Gwirize. Ng'ombe zonse mazana anayi azinunkhiza imodziimodzi, khumi patsiku. Gwirize ananyadira, naitana ojambula zithunzi. Lufeyo ankaima kumene mphepo ikuchokera, kuweramira ng'ombe, n'kulemba kuti ilibe mlandu. Antchito a pafamupo, amene maso awo ankatuluka misozi ndi fungo, ankamuyang'ana ndi ulemu waukulu.

Pamsika Esinala anasiya kumuyankha za kuzizira. Ankamuthirira mkaka osamuyang'ana.

"Ndamva kuti ng'ombe za bwana zikununkhira ngati sopo," anatero tsiku lina.

"Ndi ntchito, a Nangondo."

"Imwani msanga, kapu ikufunika."

Lufeyo anamwa osaulula za mpoto. Akanaulula, mawa lake msika wonse ukanadziwa, pakuti pa Mwamvakale ngakhale madengu ali ndi makutu ake. Tsiku limenelo m'mimba ndi mumtima munamupweteka mofanana.

Ng'ombe zinatha kumayambiriro kwa Okotobala, ndipo kuleza mtima kwa Gwirize kunatha nazo. Anatumiza zigubu zina kunyumba yachifumu, ndipo mfumu inati mlandu wa Dona uweruzidwe Lachisanu m'mawa. Lachitatu mwera unkaombabe. Lachinayi masana Lufeyo anadutsa pa Tazolowera ngati wongoyenda, nasuzumira m'khola. Mchira wa Dona unali ukulozabe kuchitunda.

Lachisanu kunacha kuli zii. Tsamba silinkagwedezeka. Gulu linanyamuka: kutsogolo woimba ng'oma, kenako a Katsabola atatseka mphuno ndi mpango, Gwirize ndi antchito awiri onyamula chingwe chatsopano, ndipo pambuyo theka la msika, chifukwa zinthu zaulere zoonera zinali zosowa chaka chimenecho.

Esinala anawadikira pakhomo la khola, manja atapinda pachifuwa. Dona anali ataima chopingasa, akubzikula, mchira sukuloza kummwera kapena kumpoto.

"Mnunkhizi agwire ntchito yake," anatero a Katsabola kudzera mumpango.

Lufeyo anaima pakati pa bwalo. Kaya panali fungo, kaya panalibe, iye sakanadziwa. Akanati palibe pamene aliyense akulimva, chinsinsi chake chikanaululika, ndipo Dona akanapitabe. Akanati lilipo, chingwe chinali chokonzeka. Ntchentche zinali zitatera pamitengo ya khola, nazonso ngati zikudikira chigamulo.

Anayamba ndi kununkhiza kum'mawa, pang'onopang'ono. Kenako kumadzulo. Anapempha madzi otsukira mphuno. Anapempha kuti amene wadya anyezi asunthire kumbuyo, ndipo anthu khumi ndi awiri anasuntha akukangana. Ananunkhiza pansi. Ananunkhiza kumwamba.

"Kodi tigona pano?" anakalipa Gwirize. "Fungo lili apa ngati khoma! Mangani ng'ombeyo!"

"Bwana, mphuno ya boma siithamangitsidwa," anatero wosoka nsapato. "Ngati yanu ikuthwa, kapempheni udindo."

Pamenepo Dona anasiya kubzikula. Anakweza mutu, nagwedeza makutu. Anasuntha mwendo umodzi wakumbuyo, kenako unzake, mosafulumira ngati mayi wolemera amene akutsika basi, mpaka mbuyo yake inaloza kumpoto, nkhope ikuyang'ana Gwirize. Chitenje chimene Esinala anayanika pachingwe chinadzuka, n'kuweramira kuchitunda. Ntchentche zinanyamuka pamodzi. Lufeyo anaona a Katsabola akutsitsa mpango pang'ono, kukoka mpweya, n'kuutsitsiratu.

"Pano palibe fungo," analengeza Lufeyo. "Linalipo, koma lanyamuka. Ndipo poti lamulo likuti fungo ndi la mwini malo pamene lapezeka, ndiyenera kulitsatira mpaka ndilipeze."

Anatseka maso mwaulemu, nasiya kampata koonera ntchentche, n'kuyamba kuyenda mphuno ili m'mwamba. Gulu linamutsata. Anakwera Chitunda cha Musandifunse, nadutsa m'mbali mwa famu. Kuseri kwake mipango inayamba kutuluka m'matumba. Amayi anakokera zitenje kumphuno. Woimba ng'oma ankaimba ndi dzanja limodzi. Lufeyo anadziwa kuti ali panjira yoyenera.

"Mnyamata iwe, ukupita kuti?" ananong'oneza a Katsabola, ataona kumene msewu ukulowera. "Khota! Khotera kudambo!"

"Si ine, Olemekezeka. Ndi mphuno."

Anapeza Mfumu Ndanenandanena ili pakhonde la nyumba yachifumu, thaulo lonyowa lili kumaso, akazi awiri akuikupiza ndi malichero. Asilikali a pachipata anali ataima mowongoka, misozi ikutsika.

"Kamtedza!" inabangula mfumu. "Chafa n'chiyani m'nyumba mwanga?"

Lufeyo anagwada, naomba m'manja katatu. Kumbuyo kwake msika wonse unasiya kupuma, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa cha fungo.

"Palibe chafa, mfumu yanga. Ndi fungo la ng'ombe mazana anayi."

"La yani?"

"Malinga ndi kamzere kamene munavomereza mu Juni, fungo ndi la mwini malo pamene lapezeka." "Ndi lanu, mfumu yanga."

A Katsabola anayamba kubwerera chambuyo, kufuna kubisala kuseri kwa mkulu wa nyemba. Mfumu inachotsa thaulo kumaso pang'onopang'ono. Inayang'ana Lufeyo. Inayang'ana kuchitunda. Kenako m'maso mwake munabwera kuwala kumene anthu a ku Zonsezilibwino ankakudziwa bwino, kuwala kumene kunkabwera nthawi zonse chinthu cha munthu chisanasanduke cha ufumu.

"Mwati ng'ombe zingati?"

"Mazana anayi."

"Zamkaka?"

"Zonse, mfumu yanga. Ndinazinunkhiza ndekha."

"Katsabola, kodi munthu angakhale ndi fungo la ng'ombe, ng'ombezo osakhala zake?"

"Sizinamvekepo, mfumu yanga," anayankha a Katsabola, akutulukira kuseri kwa wa nyemba. "Zingakhale zosemphana ndi chilengedwe."

Gwirize anadzigwetsa pansi, suti yoyera ndi yonse. "Dzuwa lathu, pali kusamvetsetsana! Fungoli ndi langa! Ng'ombe zanga ndi zimene zimanunkha chonchi, chaka chonse, usana ndi usiku! Funsani aliyense wa ku Tazolowera!"

"N'zoona," linavomera gulu lonse mokondwa.

"Si zija zimangousa moyo?" anafunsa mayi wa tomato.

Mfumu inakweza dzanja. "Ngati fungoli ndi langa, ng'ombe ndi zanga. Ngati ndi lako, Gwirize, waipitsa mpweya wa ufumu ndipo waulula wekha. Lamulo likuti zilandidwe, ziperekedwe ku khola losamalidwa bwino. Katsabola, khola losamalidwa bwino koposa m'dziko muno ndi la yani?"

"Likhala lanu, mfumu yanga, tikangolimanga."

"Ndanena."

Chingwe chatsopano chija chinagwira ntchito tsiku lomwelo, kungoti pa ng'ombe zina. Wosoka nsapato anafunsa mokweza ngati mwera ukadzabwerera ng'ombezo zidzakhale za Esinala. Mfumu inamva, ndipo dzuwa lisanapendeke kamzere ka Gwirize kanafafanizidwa, mphepo isanapeze mpata wosinthanso maganizo. Ng'ombe zinatsala pachitunda pomwepo, zikugeya monga kale, koma tsopano zinali zachifumu, ndipo Unduna unalengeza kuti fungo lachifumu si fungo koma cholowa cha dziko. Mendulo inafika patapita miyezi iwiri.

Koma tisathamangire mendulo. Madzulo a Lachisanu lomwelo, Lufeyo anapita ku Tazolowera kukapereka fomu yachikasu yonena kuti Dona alibe mlandu. Anapeza Esinala akukama, chipumi atatsamira pamimba ya ng'ombe, mkaka ukulira m'chidebe.

"Ikani pamwala apo," anatero osatembenuka. "Miyezi inayi, a Mphuno. Munkadikira mpoto."

"Ndimaopa kunena."

"Mumaopa zambiri inu." Anapitiriza kukama. "Nanga zija zoti simumva fungo, mudzanena liti?"

Lufeyo anagwira mtengo wa khola. "Wakuuzani ndani?"

"Ndani angandiuze? Chaka chatha ndinagula botolo la mafuta onunkhira kwa amwenye. Ndinadzola Lachiwiri, ndinadzola Lachisanu, mpaka botolo linatha. Msika wonse unkayetsemula. Wa nyemba anandifunsira ukwati kawiri. Inu munkafika, kuima apa ndi apa, n'kunena kuti kwazizira."

"Ndiye mwadziwa chaka chonse? Osauza munthu?"

"Ndiuze munthu kuti ndinawononga botolo lathunthu pa mphuno yakufa? Ndili ndi ulemu wanga ine." Anaimirira, napukuta manja pachitenje. "Ndipo mkaka musiye. Ndimakuonani mmene mumathamangira mukamwa. Munthu akhoza kubwera pamsika osagula kanthu."

Lufeyo anafufuza mawu aja ankawakonza njira yonse kwa zaka ziwiri. Analipo onse, koma anatulukira ena.

"Nanga lero mwadzola?"

"Inu si Mnunkhizi wa Mfumu? Gwirani ntchito yanu."

Lufeyo anaigwira mmene ankaidziwira. Anayang'ana. Ntchentche zonse zinali zitapita kunyumba yachifumu. Koma njuchi ziwiri zinkazungulira duku la Esinala, kuchoka, n'kubwereranso, osafuna kupita kwawo ngakhale dzuwa linali litapendeka.

"Kwatentha lero," anatero Lufeyo.

"Kwatentha, a Mphuno," anayankha Esinala, akumukankhira kampando kokamira ndi phazi. "Khalani pansi musanagwe."